Udindo wa Bodi ya Kampani pa Kusintha kwa Nyengo: Phunziro la Magetsi a mu Shire

Mawu oyamba

Pa 24 Januwale 2022 namondwe wotchedwa Ana anabweretsa mvula yamphamvu m'chigawo cha kummwera kwa dziko lino. Mtsinje wa Shire unadzaza mpaka kugumula mbali ina ya damu la Kapichira m'boma la Chikwawa. Makina onse anayi opangira magetsi pamalopo anaima, ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, lomwe ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi omwe timapanga kuchokera ku madzi. Makinawo anadzayambanso kugwira ntchito onse m'mwezi wa Meyi 2023, patatha chaka ndi miyezi inayi. Nthawi yonseyi zigayo zinkaimaima, owotcherera zitsulo ankaswera ali manja lende, ndipo mafakitale ndi zipatala ankathera ndalama pa dizilo wa majenereta.

Ambiri anati linali tsoka, ndipo akuluakulu anati tsoka silinunkha. M'chimangirizo chino ndikufuna kuonetsa kuti ngozi zobwera ndi kusintha kwa nyengo sizili m'gulu la tsoka lotere. Zimachenjeza zisanafike, ndipo amene ali ndi udindo womva chenjezolo m'kampani ndi bodi. Ndasankha chitsanzo cha magetsi a mu Shire chifukwa ndi bizinesi imene mabizinesi ena onse m'dziko muno amatsamirapo. Ndiyamba ndi kufotokoza ntchito ya bodi, kenaka mbiri ya magetsiwa ndi machenjezo amene mtsinjewu wakhala ukupereka. Ndikatero ndiyesa njira zimene zikutsatidwa pofuna kuchepetsa vutoli, ndipo ndimaliza ndi mafunso amene bodi ya kampani iliyonse iyenera kudzifunsa.

Ntchito ya bodi

Kampani yaikulu imakhala ndi magulu atatu a anthu. Gulu loyamba ndi eni ake, omwe anaikamo ndalama pogula masheya. M'makampani a boma, monga ESCOM ndi EGENCO, mwini ndi boma m'malo mwa anthu onse. Gulu lachiwiri ndi akuluakulu olembedwa ntchito, omwe amayendetsa zinthu tsiku ndi tsiku. Pakati pa magulu awiriwa pali bodi, kagulu ka anthu ochepa kosankhidwa ndi eni kampani kuti kaziwayang'anirira chuma chawo. Tingaiyerekeze ndi komiti ya sukulu. Komiti silowa m'kalasi kukaphunzitsa, koma denga likamadontha chaka ndi chaka mpaka kugwera ana, makolo sangafunse mphunzitsi wa Sitandade 3. Adzafunsa komiti.

Ntchito zazikulu za bodi ndi zitatu. Yoyamba ndi kuvomereza njira imene kampani iyende kwa zaka zikubwerazo: ipanga chiyani, kuti, ndipo ndalama zichokera kuti. Yachiwiri ndi kusankha ndi kuyang'anira mkulu wa kampani. Yachitatu ndi kuzindikira zinthu zimene zingagwetse kampani ndi kuonetsetsa kuti pali dongosolo lozipewa kapena lozipirira. Malamulo a makampani a dziko lino a 2013 amafuna kuti mamembala a bodi azigwira ntchito mosamala ndi mokhulupirika. Palinso ndondomeko ya kayendetsedwe kabwino ka makampani yotchedwa Malawi Code II, yomwe inakhazikitsidwa mu 2010.

Nkhani ya nyengo inalowa mochedwa pa tebulo la mabodi. Kwa zaka zambiri inkatengedwa ngati nkhani ya mabungwe oona zachilengedwe. Zinthu zinasintha mu 2015 pamene bungwe loyang'anira bata la chuma cha dziko lonse, Financial Stability Board, linakhazikitsa komiti yotchedwa TCFD. Mu 2017 komitiyi inatulutsa malangizo oti makampani aziulula momwe kusintha kwa nyengo kungakhudzire chuma chawo, ndipo mwa mitu inayi ya malangizowo, woyamba unali wa momwe bodi ikuyang'anirira nkhaniyi. Mu 2023 maganizo omwewa analowa mu muyezo wa malipoti a makampani wotchedwa IFRS S2. Malangizowa amagawa ziopsezo pawiri. Pali zoopsa zogwa mwachindunji, monga chilala, kusefukira kwa madzi ndi kutentha. Palinso zoopsa zobwera chifukwa choti mayiko akusiya malasha ndi mafuta, monga misonkho yatsopano ndi kukana kwa mabanki kukongoza ndalama zomangira malo opangira magetsi a malasha. Kwa ife kuno, zoopsa za mtundu woyamba ndi zimene zafika kale pakhomo.

Momwe magetsi athu anamangidwira pa mtsinje umodzi

Shire amatuluka m'nyanja ya Malawi ku Mangochi, kudutsa nyanja ya Malombe ndi Liwonde. Kuchokera ku Matope kukafika ku Kapichira mtsinjewu umatsika mamita oposa 350 pa mtunda wa makilomita pafupifupi 80. Kutsetsereka kumeneku ndi kumene kunakopa akatswiri. Siteshoni ya Nkula A inatsegulidwa mu 1966. Pambuyo pake panabwera Tedzani kuyambira mu 1973, Nkula B kuyambira mu 1980, gawo loyamba la Kapichira mu 2000, gawo lachiwiri mu 2013, ndi Tedzani IV mu 2021. Mpaka 2016 masiteshoni onse amene analipo anali m'manja mwa ESCOM. Kuyambira mu Januwale 2017 ntchito yopanga magetsi inapatsidwa kwa kampani yatsopano ya EGENCO, ndipo ESCOM inatsala ndi yonyamula ndi kugulitsa magetsi.

Masiteshoniwa alibe madamu akuluakulu osunga madzi a miyezi yambiri monga la Kariba. Amagwiritsa ntchito madzi amene akudutsa tsiku limenelo. Nkhokwe yawo ndi nyanja ya Malawi, ndipo chitseko cha nkhokweyo ndi Kamuzu Barrage ya ku Liwonde, yomwe inamangidwa mu 1965 kuti izichepetsa kapena kuonjezera madzi olowa mu Shire.

Sindikunena kuti amene anasankha Shire analakwitsa. Madzi sagulidwa kunja ngati dizilo, safuka utsi, ndipo mathithi a Shire ali pafupi ndi Blantyre kumene kunali mafakitale ambiri. Chisankho chilichonse pachokha chinali chanzeru. Koma zisankho zanzeruzo zitaunjikana zinabereka chiopsezo chimodzi chachikulu: kupatula siteshoni yaing'ono ya Wovwe ku Karonga ndi majenereta ochepa, magetsi a dziko lonse anakhala pa mtsinje umodzi. Alimi a m'chigwa cha Shire chomwecho sachita zotere. Amalima kumtunda ndi kudimba. Chaka cha chilala dimba limawapulumutsa, chaka cha madzi osefukira munda wa kumtunda umawadyetsa. Nzeru imeneyi ndi imene akatswiri a zabizinesi amaphunzitsa m'makalasi ndi mawu akuluakulu.

Ndiponso si magetsi okha amene ali pa mtsinjewu. Madzi ambiri akumwa a mumzinda wa Blantyre amapopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa Shire, ndipo mapampu ake amayendera magetsi a mu Shire. Minda ya nzimbe ya Illovo ku Nchalo imathiriridwa ndi madzi a mu Shire opopedwa ndi magetsi omwewo. Choncho mtsinjewu ukadwala, magetsi, madzi ndi shuga zimadwalira limodzi.

Machenjezo amene mtsinje unapereka

Chenjezo loyamba ndi lakale kuposa masiteshoni onse. Kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 nyanja inatsika kwambiri moti madzi anasiya kutuluka kulowa mu Shire. Izi zinachitika kusintha kwa nyengo kwa masiku ano kusanakule, kotero zikutiuza chikhalidwe cha nyanjayi: madzi ambiri amene imalandira amauma ndi dzuwa, ndipo otulukira mu Shire ndi kagawo kochepa chabe. Mvula ikachepa pang'ono kapena kutentha kukakwera, kagawo kameneka ndi kamene kamayamba kusowa.

Chenjezo lachiwiri ndi la zinyalala. Mu 2001 namasupuni ndi zinyalala zobwera ndi madzi zinaononga polowera madzi pa Tedzani I ndi II, ndipo makinawo anakhala zaka zingapo osagwira ntchito. M'madzi osefukira a Januwale 2015 ndiponso pa namondwe wa Idai mu Malichi 2019 makina anaimitsidwanso chifukwa cha mitengo, zitsa ndi matope. Apa tiyenera kumvetsa chinthu chimodzi. Mitsinje monga Rivirivi, Lisungwi ndi Mkulumadzi imathira mu Shire kumunsi kwa Liwonde. Ngakhale zitseko za Kamuzu Barrage zitatsekedwa, madzi a mitsinje imeneyi amafikabe pa makina. Mapiri amene mitsinjeyi imachokera, ku Ntcheu, Neno ndi Mwanza, ndi omwewo amene atha mitengo chifukwa cha makala ndi minda. Aliyense wodutsa pa Zalewa amaona matumba a makala m'mbali mwa msewu. Phiri lopanda mitengo silisunga mvula. Limaitaya yonse tsiku limodzi pamodzi ndi dothi.

Chenjezo lachitatu ndi la chilala. Mvula itavuta mu 2015 ndi 2016, nyanja inatsika, ndipo kumapeto kwa 2017 makina a mu Shire ankapanga magetsi osafika theka la mphamvu zake. Madera ena ankakhala tsiku lathunthu opanda magetsi. Mu 2018 dziko linachita kubwereka majenereta a dizilo a mamegawati 78 ku kampani ya Aggreko, ndipo magetsi ake anali odula kwambiri kuposa a madzi.

Kenaka panabwera Ana mu 2022. Asayansi a gulu la World Weather Attribution atafufuza anapeza kuti kusintha kwa nyengo kunaonjezera mphamvu ya mvula ya namondweyu. Mu Malichi 2023, Kapichira asanathe kukonzedwa, namondwe wa Freddy anapha anthu oposa 600, ena oposa 500 anasowa, ndipo makina a Nkula ndi Tedzani anaimitsidwa kwa kanthawi powateteza ku zinyalala. Mu 2024 kunachitika zodabwitsa zina. Boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya chilala, koma chaka chomwecho nyanja inakwera mpaka kumiza nyumba ndi malo ogona alendo ku Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay. Eni malowo ankafuna zitseko za ku Liwonde zitsegulidwe kwambiri, pamene kutero kukanaika pangozi makina ndi midzi ya kumunsi.

Tikawerenga zaka izi, 2015, 2017, 2019, 2022, 2023 ndi 2024, tikuona kuti pa zaka khumi mtsinje unalankhula kasanu ndi kamodzi. Chinthu chobwera kawirikawiri chotere sichingatchedwenso chadzidzidzi. Chiyenera kulowa mu bajeti monga momwe amalowera malipiro a antchito.

Chifukwa chake nkhaniyi ndi ya bodi

Wina angafunse kuti: kodi damu likagumuka si nkhani ya mainjiniya? Ndikuona zifukwa zinayi zoyankhira kuti ayi.

Choyamba ndi nthawi. Damu limamangidwa kuti likhale zaka 50 kapena kuposa. Nkula A yatha kale zaka zoposa pamenepo. Koma mkulu wa kampani amalembedwa ntchito ya zaka zochepa ndipo amayesedwa ndi zotsatira za chaka chimodzi. Ndalama zimene angaononge lero polimbitsa khoma la damu zidzapulumutsa kampani iye atachoka kale. Munthu wotere, ngakhale akhale wokhulupirika, amakokedwa ndi mavuto a lero. Bodi ndi imene iyenera kuyankhulira zaka zimene sizinafike. M'makampani a boma vutoli limakula chifukwa mabodi nawonso amasintha ndi ndale. Mu 2020, boma latsopano litangolowa, mabodi oposa 60 a makampani ndi mabungwe a boma anathetsedwa nthawi imodzi. Pakachitika zotere, zimene bodi yakale inaphunzira pa chilala cha 2017 zimatha kutuluka nayo pakhomo, pokhapokha ngati zinalembedwa ndi kusiyidwa mwadongosolo.

Chachiwiri ndi ndalama. Injiniya akhoza kudziwa kuti mchenga wadzaza damu ndipo uyenera kuchotsedwa, koma sagawa bajeti. Kusankha pakati pa kumanga chatsopano chimene anthu adzachione ndi kukonza chakale chimene palibe adzachiyamikire ndi ntchito ya bodi. Mtengo wa kukonza pambuyo timaudziwa. Mu 2022 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inavomereza madola a ku America 60 miliyoni okonzera zimene Ana anaononga pa Kapichira ndi pa nthambo za magetsi. Ndalama zimenezi sizikuphatikiza zimene anataya mwini chigayo, wometa tsitsi ndi mayi wogulitsa nsomba za mufiriji.

Chachitatu ndi chakuti chiopsezo chimachokera kunja kwa mpanda wa kampani. Dothi lodzaza damu la Kapichira limachokera m'munda wa munthu wa ku Neno amene mwina alibe ndi magetsi omwe. Magetsi akamazima, anthu a m'tauni amagula makala ambiri. Makala akamagulidwa, mitengo imatha. Mitengo ikatha, matope amadzaza madamu ndipo magetsi amazimanso. Injiniya wa pa siteshoni sangadule chingwe chimenechi. Pamafunika mgwirizano ndi mafumu, makhonsolo, nthambi ya zankhalango ndi bungwe loyang'anira madzi, ndipo mgwirizano wotere umafuna ulamuliro wa bodi.

Chachinayi ndi kunena zoona. Uthenga woipa umavuta kukwera nawo masitepe. Wantchito amaopa kuuza bwana, bwana amaopa kuuza bodi, ndipo bodi imaopa kuuza nduna. Bodi yabwino imatsegula njira yoti chenjezo lifike lisanasungunuke, ndipo nayo imauza eni kampani zoona ngakhale zikhale zowawa.

Kuti tione kuti zimenezi si za mayiko osauka okha, titenge chitsanzo cha kampani ina ya magetsi ya ku America, Pacific Gas and Electric ya ku California. Kumeneko mdani sanali madzi koma moto. Zaka za chilala zinaumitsa nkhalango, ndipo mu Novembala 2018 chitsulo chotha chinaduka pa nthambo imene inamangidwa zaka pafupifupi 100 m'mbuyomo. Moto umene unabuka unapsereza tauni ya Paradise ndi kupha anthu 85. Mu Januwale 2019 kampaniyi inapita kukhoti kukanena kuti singathe kubweza ngongole, poti zipukuta misozi zinkayembekezeka kufika madola 30 biliyoni. Mamembala ambiri a bodi anachotsedwa chaka chomwecho, ndipo mu 2020 kampaniyo inavomera mlandu wopha anthu 84 mosasamala. Chitsulo chinali chakale, koma nyengo inali yatsopano. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kuyesa njira zimene zikutsatidwa

Sikungakhale chilungamo kunena kuti palibe chimene chachitika. Pakati pa 2013 ndi 2018, thandizo la boma la America la madola 350 miliyoni kudzera ku Millennium Challenge Corporation linakonzanso Nkula A, linamanga nthambo zikuluzikulu, ndipo linagula makina ochotsa namasupuni ndi mchenga. Kamuzu Barrage nayo inakonzedwanso. Palinso njira zatsopano zopezera magetsi. Muyezo umene ndikufuna kuyesera njirazi ndi umodzi: kodi tsiku limene Shire walephera, njira imeneyi idzalephera naye limodzi kapena idzaima payokha? Kukhala ndi minda iwiri m'dambo limodzi si kukhala ndi minda iwiri.

Njira yoyamba ndi magetsi a dzuwa. Mu 2021 ku Salima kunatsegulidwa malo a mamegawati 60 a kampani ya JCM Power, ndipo mu 2022 ku Golomoti m'boma la Dedza kunatsegulidwa ena a mamegawati 20 okhala ndi mabatire. Njira imeneyi ikupambana muyezo wathu pa nkhani ya chilala, chifukwa chaka chosowa mvula ndi chaka chochuluka dzuwa. Komanso dzuwa likamagwira ntchito masana, madzi ochepa amene alipo angasungidwe kuti azungulitse makina madzulo, pamene anthu ambiri amayatsa magetsi. Kufooka kwake ndi kwakuti usiku dzuwa kulibe ndipo mabatire ndi odula.

Njira yachiwiri ndi nthambo zolumikiza dziko lino ndi Mozambique, kuchokera ku Matambo m'chigawo cha Tete kufika ku Phombeya m'boma la Balaka. Zimenezi ndi zothandiza kwambiri pa ngozi yonga ya Kapichira, chifukwa damu limodzi likagumuka tingagule magetsi kwa anansi. Koma pa chilala bodi iyenera kusamala. Magetsi ambiri a Mozambique amachokera ku Cahora Bassa pa mtsinje wa Zambezi, kumunsi kwa Kariba. Mu 2024 chilala chinatsitsa madzi a Kariba mpaka anthu a ku Zambia ankaona magetsi maola ochepa okha patsiku. Chilala cha El Niño chimagwira mayiko onsewa nthawi imodzi. Chaka chimene ife tikusowa, mnansi naye akhoza kukhala akusowa, mtengo udzakwera, ndipo tidzalipira ndi ndalama zakunja.

Njira yachitatu ndi damu la Mpatamanga, pakati pa Tedzani ndi Kapichira, lomwe likuyembekezeka kupanga mamegawati oposa 350. Mu 2025 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inavomereza madola 350 miliyoni othandizira ntchitoyi. Ubwino wake ndi wakuti lidzatha kusunga madzi ndi kuwatulutsa nthawi imene magetsi akufunika kwambiri, kotero lidzagwirizana bwino ndi magetsi a dzuwa. Komabe lili pa Shire yemweyo. Likadzatha, dziko lidzakhala ndi magetsi ambiri, koma funso la mtsinje umodzi lidzakhala lilipobe.

Njira yachinayi ndi kusamala mapiri. Makampani ambiri amabzala mitengo nyengo ya dzinja ndi kujambulitsa zithunzi. Bodi yodziwa ntchito yake sifunsa kuti tabzala mitengo ingati. Imafunsa kuti mwa imene tinabzala zaka zitatu zapitazo yatsala ingati, ndipo wowotcha makala wa m'deralo tamupatsa njira ina iti yopezera ndalama ya mchere ndi sopo.

Palibe njira imodzi mwa izi yokwanira payokha. Ntchito ya bodi ndi kuziluka pamodzi kuti pamene ina yafooka inzake igwire. Phunziro lomweli likuoneka pa madzi a mumzinda wa Blantyre, kumene mu 2019 anaonjezera gwero lina la Likhubula ku Mulanje kuti asadalire Walker's Ferry yekha.

Zimene ena anganene potsutsa

Mfundo yoyamba yotsutsa ndi yakuti bodi ya kampani ya boma ilibe mphamvu zonsezi. Mtengo wa magetsi umavomerezedwa ndi bungwe la MERA, zipangizo zimagulidwa kunja, ndipo kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Izi ndi zoona, ndipo wonyalanyaza zimenezi sakudziwa Malawi. Koma zambiri zimene bodi iyenera kuchita sizifuna ndalama zakunja. Kulemba mndandanda wa zoopsa ndi kuukambirana pa msonkhano uliwonse, kutchinjiriza ndalama zokonzera makina kuti zisabwerekedwe ndi ntchito zina, kuyeserera zochita pa tsiku la ngozi, ndi kulembera boma poyera kuti tikapanda kuchita ichi chotsatira chake ndi ichi: zonsezi zimafuna kulimba mtima koposa ndalama. Ndipo mabanki ndi mabungwe othandiza masiku ano amafunsa mafunso omwewa asanatulutse ndalama.

Mfundo yachiwiri ndi yakuti Malawi sanayambitse vutoli. Utsi umene wasintha nyengo unachokera kwambiri ku mayiko olemera, kotero iwo ndi amene ayenera kulipira. Nanenso ndikugwirizana nazo, ndipo n'chifukwa chake pa msonkhano wa zanyengo wa ku Sharm el-Sheikh mu 2022 mayiko anagwirizana kukhazikitsa thumba lothandiza mayiko oonongekeredwa. Koma mlandu umenewu ndi wa boma kuunena ku misonkhano ya mayiko. Bodi siyingadikire chigamulo chake. Mnansi akakuyatsira moto kuthengo, umayamba walambula kuzungulira nkhokwe yako, mlandu umakanena kwa amfumu pambuyo pake.

Mafunso a bodi iliyonse

Phunziro la Shire si la makampani a magetsi okha. Kampani ya tiyi ku Thyolo, malo ogona alendo ku Mangochi, banki yokongoza alimi, ngakhale kopaletivi ya alimi a mpunga ku Karonga, zonse zili ndi Shire wawowawo, chinthu chimodzi chimene chikalephera zonse zimaima. Ndikuganiza kuti bodi iliyonse iyenera kufunsa mafunso asanu chaka ndi chaka. Kodi chinthu chimodzi chimene tatsamirapo ndi chiti? Chitalephera kwa miyezi isanu ndi umodzi tingataye ndalama zingati, ndipo tingapirire mpaka liti? Kodi chimene tikuchitcha njira yachiwiri sichidzalephera tsiku lomwelo? Kodi nyumba, milatho ndi makina athu anayezedwa ndi mvula ya kale kapena ya masiku ano? Nanga pakati pathu alipo amene amamvetsa nkhani za madzi ndi nyengo, kapena tonse ndi odziwa malamulo ndi kuwerengera ndalama? Mayankho ake alembedwe, aikidwe mu lipoti la pachaka, ndipo malipiro apadera a akuluakulu a kampani amangiriridwe pa iwo, chifukwa munthu amasamala chimene akuyesedwa nacho.

Mawu omaliza

M'chimangirizo chino ndaonetsa kuti magetsi a dziko lino anamangidwa pa mtsinje umodzi, kuti mtsinjewo wakhala ukuchenjeza ndi chilala, zinyalala ndi madzi osefukira, ndiponso kuti kumva chenjezo lotere ndi udindo wa bodi chifukwa ndi imene imaona patali, imagawa ndalama, imapanga mgwirizano ndi a kunja kwa mpanda, ndipo imayankha kwa eni kampani. Ndaonetsanso kuti njira yatsopano iliyonse iyenera kuyesedwa ndi funso lakuti idzaima yokha kapena idzagwa pamodzi ndi yakale. Bodi singaletse namondwe kapena kugwetsa mvula. Chimene ingathe ndi kusankha kuti namondwe wotsatira adzaipeze kampani ili chotani. Madzi akatayika saoleka, choncho nthawi yabwino yokambirana za damu ndi mwezi wa Okutobala, mitambo isanayambe kusonkhana.